Gule Saphunziridwa M'buku Mokha

Aphunzitsi a maŵa, ambiri mwa ife tikapatsidwa ntchito yofufuza za gule kapena seŵero timangothamangira ku laibulale. Buku lingatiuze kuti bungwe la UNESCO linalemekeza Gule Wamkulu ndi Vimbuza m'chaka cha 2005, koma kulira kwa mbalule sikumveka papepala.

Tiyambe tapempha chilolezo kwa mfumu. Pabwalo tipenye wovina, oomba ng'oma, amayi oimba ndi oonerera omwe. Zimene taona tilembe padera, zimene tikuganiza padera, ndipo tanthauzo la nyimbo tifunse akuluakulu. Tionerere kaŵiri kapena katatu, pakuti gule wa pamaliro amasiyana ndi wa pachinamwali. Koma zakudambwe tisazikumbe. Mphunzitsi woulula zinsinsi za mudzi, makolo sadzamkhulupiriranso ndi ana awo.