CHENJEZO: Malamulo Oteteza Nyanja Akutikhudza Ife a ku Mayani

Anthu a ku Mayani ndi midzi yonse ya kwa Tambala, tamverani mvula isanagwe.

Ambiri timati za nyanja n'za anzathu a ku Chipoka ndi ku Senga Bay, ife akumtunda sizitikhudza. Ayi ndithu. Madzi ogwa m'mapiri athu a Dedza sagona kuno. Amatsetserekera ku Salima, ambiri kudzera mu Linthipe, n'kukathira m'nyanja ya Malawi atasenza dothi la m'madimba mwathu. Mumtsinje womwewo ndi momwe mpasa zimakwera kudzaswana, ndipo zimaikira mazira pamiyala ing'onoing'ono ya pansi pa madzi. Matope akakwirira miyalayo, mazira amafa. Wolima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje amapha nsomba asanaponyeko mbedza n'kamodzi komwe.

Malamulo alipo, ndipo ali ndi zilango. La madzi la 2013 limaletsa kuipitsa mitsinje. La zachilengedwe la 2017 linakhazikitsa bungwe la MEPA loti lizilondoloza owononga. La nkhalango linakonzedwanso mu 2020 ndipo zilango za ootcha makala popanda chilolezo zinakwera. Majumbo opyapyala aja, osafika mamaikironi 60, analetsedwa mu 2015, ndipo khothi lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Komabe pitani pamsika likatha tsiku la msika mukaone: majumbo ali mbwee m'ngalande, akungodikira madzi oyamba awakokolole.

Inu ogulitsa nsomba, chonde samalani. Chambo chosakwana masentimita 15, kasawala uja, n'choletsedwa, ngakhale msodzi akutsitsireni mtengo chotani. Mu Novembala ndi Disembala chambo chimakhala chikuswana ndipo makoka ena amaletsedwa panyanja, funsani musanapikule. Masikito omwe timalandira kuchipatala ndi otchinjiriza ana ku malungo, osati ophera nsomba. Kuthira katupe m'dziwe nakonso ndi mlandu pansi pa lamulo la nsomba la 1997.

Mafumu, itanani anthu anu sabata ino. Yendani nawo m'mbali mwa mitsinje, muonetsane polekezera khasu, pamene pagumuka mubzale nsenjere, vetiva kapena nsungwi. Mukaona wina akuthira mankhwala m'madzi kapena akugwetsa mitengo pagwero la mtsinje, kauzeni alangizi a zaulimi kapena a zankhalango tsiku lomwelo.