ZA KUFUNAFUNA MAINA A MAKOLO ATHU

Kwa Mafumu olemekezeka, Nduna zao, ndi Ziwalo zonse za Bungwe okhala ku Bwaila, ku City Centre ndi m'ma Area onse a Lilongwe.



Tisanakomane pa msonkhano ukudzawu, tayesa nkwabwino kutsogoza mau awa, kuti yense awalingalire ali kwao, nadze ndi maganizo okonzeka. Nkhani yace ndi iyi. Pakati pa ana athu ophunzira, makamaka iwo akugwira nchito ku Capital Hill ndi kugona ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, pabuka cilakolako ca kufunafuna maina a makolo ao ndi kuwalemba m'ndandanda monga acita Azungu. Ena aiseka nchitoyi, nati ndi masewera a anthu okhuta. Ife sititero ai. Tiiyamika ndithu, koma tiona kuti ambiri aiyambira ku mcira, pakuti athamangira ku mapepala a Boma ndi ku intaneti, nasiya nkhalamba zao zirikufa ndi mau m'kamwa.

Cimene ciwanyenga ticidziwa. Amva kuti ku Mangalande mapepala a kalembera amatsegulidwa zitapita zaka 100, ndi kuti a caka ca 1921 anatsegulidwa m'caka ca 2022, kotero kuti munthu apezamo dzina la gogo wace, zaka zace, nchito yace, ndi nyumba imene anagonamo. Ndipo ayesa kuti kuno ciri comweco. Koma kalembera wa dziko lino anali wa mtundu wina. M'zaka za 1901 ndi 1911 Boma linangoyerekeza ciwerengo ca anthu akuda poona nyumba zokhoma msonkho. M'zaka za 1921, 1926, 1931 ndi 1945 anawerenga mudzi ndi mudzi, amuna angati, akazi angati, ana angati. Ndipo wa 1945 anapeza anthu akuda opitirira pang'ono 2 miliyoni. Funso la Boma linali lakuti "angati?", silinali lakuti "ndani?" ai. Kalembera wa pambuyo pa ufulu, kuyambira wa 1966 amene anapeza anthu 4,039,583 kufikira wa 2018 amene anapeza 17,563,749, afikadi pa khomo liri lonse, koma lamulo litcinjiriza mayankho a banja, ndipo cimene cituruka poyera ndi ciwerengo cokha.

Ngakhale mabuku a kubadwa satithangata kwambiri. Lamulo la 1904 la kulembetsa obadwa ndi akufa linakakamiza Azungu ndi Amwenye. Ife silinatikakamiza, ndipo kulembetsa mwana ali yense kunakhala lamulo la onse m'caka ca 2015. Pamwamba pa izi, moto unatentha maofesi akuru a Boma ku Zomba m'caka ca 1919, nupsereza makalata ambiri a zaka zoyamba.

Koma bvuto loposa onsewa, limene mafumu alidziwa bwino, ndi ili: pepala la Boma linatsata mwamuna, pamene ife Acewa titsata mai. Buku la msonkho linalemba mwamuna wokhoma, ndiye kawirikawiri mkamwini, mlendo wa pamudzi, amene mawa akhoza kunyamula nkhwangwa yace nabwerera kwao. Eni mudzi enieni, ndiwo akazi a mbumba ndi mabele ao, kumene kucokera munda ndi ufumu, analibe malo akuru m'bukumo. Ndiponso munthu mmodzi anali nao maina ambiri: la ubwana, la ku cinamwali, la ubatizo, ndi lina limene anadzipatsa yekha pa nchito ku Harare kapena ku Joni, ndipo kalaliki analemba monga linamvekera m'khutu mwace. Akazi nao anaitanidwa ndi mfunda, Naphiri kapena Nabanda, ndipo pamudzi umodzi pakhoza kukhala Anaphiri khumi. Nanga ndani adzakuuzani kuti Naphiri wolembedwayo ndiye wanu? Palibe wina koma nkhalamba imene inamuona. Cifukwa cace titi, pepala lopanda nkhoswe yolimasulira liri ngati ng'oma yopanda woyimba.

Ife a Lilongwe tiyenera kufulumira koposa anzathu a maboma ena, pakuti dziko lathu lasandulika kawiri katatu. Boma linakhazikika pano m'caka ca 1904, m'dziko la Mfumu Njewa. Fodya wa m'zaka za m'ma 1920 anakoka anthu a mitundu yonse, ndipo m'caka ca 1947 Lilongwe anayesedwa tauni. M'caka ca 1968 linakhazikitsidwa bungwe lomanga likulu latsopano, ndipo midzi imene inali pa malowo inasamutsidwa, kufikira likulu linacoka ku Zomba m'caka ca 1975. Pamene lero pali mipanda ya njerwa ndi maofesi, panali mabwalo, nkhokwe ndi madimba. Ndipo cotsala ndico timankhalango ta manda timene munthu ationa apa ndi apo pakati pa nyumba. Iye amene anali ndi zaka 20 pa kuyamba kwa msamukowo anabadwa m'caka ca 1948. Werengani nokha zaka zace, ndi kuona ngati tiri nayo nthawi ya kuzengereza. Iwowa ndiwo okha adziwa mudzi uti unali pati, ndi kumene bele liri lonse linalowera. Ndipo sitinaiwala za caka ca 2017, polembetsa zitupa za unzika, m'mene anyamata ndi asungwana obadwira m'ma Area, atafunsidwa mudzi wa kwao ndi Mfumu yao yaikuru, anayamba aimba lamya kufunsa amai ao. Ici sicinali coseketsa, cinali camanyazi kwa ife akuwabala.

Tidziwa kuti alipo ena mwa inu, anthu anzeru, amene aopa nchitoyi. Ati idzautsa mirandu yogona, idzacurukitsa olimbirana ufumu, ndipo idzabvundukula mabanja amene makolo ao anadza pamudzi mwa ukapolo, cinthu cimene akuru anacikwirira dala kuti anthu akhale pamodzi. Mantha awa sitiwapeputsa. Koma tifunsa: kodi mirandu ya ufumu imene ifika ku makhoti lero ibuka cifukwa ca kulemba, kapena cifukwa ca kusalemba? Tiona kuti ikula pamene mboni zonse zatha kufa, ndipo yense apanga mzere wace womkomera. Ndiponso lamulo la malo a makolo la 2016 lilola kulembetsa minda; tsono mbumba yosadziwa mabele ace idzalandidwa ndi wocenjera amene anafika poyamba kwa kalaliki. Za ukapolo titi, cimene banja silifuna kuti ciwerengedwe pabwalo cikhale m'buku la banjalo lokha. Ndipo wotenga nchitoyi kuti anyoze nayo mnzace, Bungwe limkanize. Tiri naco citsanzo ca Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa misyoni ya Nkhoma, amene anayenda kufunsa akuru a m'midzi nalemba Mbiri ya Acewa m'zaka za m'ma 1940. Akadaopa, zambiri zimene tinena lero za Kalonga ndi za mapfuko athu zikadapita ku manda.

Potero tiika pamaso panu mfundo izi, kuti msonkhano uzibvomere kapena kuzikonza:

1. Ciwalo ciri conse cipite kwao mvula isanagwe, ndi kope ndi lamya yojambula mau, ciyambire kwa mai wamkuru woposa onse ndi kwa mwini mbumba. Afunse amai a amai kufikira pamene cikumbukiro cilekeza, maina onse a munthu yense, mfunda wace, mudzi umene anacokera, ndi manda amene agona. Asakakamize nkhalamba kuchula caka, koma afunse ngati cinthuco cinacitika isanafike kapena itapita nkhondo ya tengatenga ya 1914, fuluwenza ya 1918, njala ya 1949, kapena ufulu wa 1964. Ndipo asapite cimanjamanja, kapena ndi liwiro la m'tauni. Kuona maso a nkhono nkudekha.

2. Atatero apite ku mabuku a ubatizo ndi a maukwati a misyoni, monga Mvera imene inayamba m'caka ca 1889, Nkhoma ya 1896, ndi Likuni ya Abambo Oyera, napemphe mwaulemu. M'menemo ndimo mupezeka maina a anthu wamba, akazi pamodzi ndi amuna.

3. Potsiriza pace apite ku nyumba yosungira makalata akale a dziko ku Zomba, imene inatsegulidwa m'caka ca 1947, kumene kuli mabuku amene ma D.C. analembamo za mafumu ndi midzi yao. Awawerenge mocenjera, pokumbukira kuti Bwanayo anamva nkhani kupyolera mwa womasulira, ndi kuti anamva mbali ya iye amene anali pafupi ndi Boma.

4. Tipempha mafumu athu kuti mudzi uli wonse ukhale nalo buku la mabele, lowerengedwa pamaso pa ankhoswe onse lisanalandiridwe, ndi kuti akhale mabuku awiri, lina kwa Nyakwawa, lina kwa Mfumu yaikuru, kuopa moto ndi ciswe. Alembedwemo ndi iwo amene anapita ku Wenela ndi ku Mthandizi osabweranso, pakuti adzukulu ao adzafika tsiku lina kufunsa kwao.

5. Pa nchito iyi munthu asalipiritsidwe kanthu pofuna kumva za makolo ace.

Tipempha mafumu adze ndi amai akuru awiri kapena atatu a m'midzi mwao, kuti nkhani iyi isaweruzidwe ndi amuna okha, popeza eni ace ndiwo. Yense wosabvomerezana nafe adze anene poyera, ndipo adzamvedwa.

Ndife anu mwaulemu,

Wapampando, Mlembi, ndi a Komiti ya Bungwe.