Chotsani siponjiyo pa chishalo, anzanga

Lero ndabwera ndi nkhani imene ena muiyesa yachibwana, koma ine yandikwana. Ndi nkhani ya chishalo cha njinga.

Chandiputa ndi ichi. Lachiwiri lapitali, nthawi ya tiyi, mphunzitsi wina wachinyamata amene wangotumizidwa kumene kuno kwa Dambe analowa mu sitafu akuyenda chotangadza, nakhala pampando ndi mbali imodzi. Nyumba za aphunzitsi n'zochepa, ndiye akuchita lendi kutali, amapalasa m'mawa ndi madzulo. Anthu anaseka mpaka misozi. Atatha kuseka anayamba uphungu, onse mawu amodzi: "Achimwene, mukagule siponji yokhuthala, mukulunge ndi chitenje chakutha, mumange ndi mphira wa chubu. Basi vuto latha."

Bodza limenelo. Ndikunena pano chifukwa mu sitafu muja mawu anga anamira m'phokoso.

Ine ndimapalasa makilomita 9 kupita, 9 kubwerera, ndiye kuti 90 pa sabata, msewu wake wa mabampu ndi mchenga womwe mukuudziwa uja. Zaka zitatu zoyambirira ndinali mkulu wa mpingo wa siponji. Ndinkawonjezera ina pamwamba pa inzake mpaka chishalo chinkaoneka ngati mtolo wa kaunjika. Makilomita awiri oyamba ndinkamva ngati ndakhala pa sofa. Pofika pasukulu khungu litanyuka ndi thukuta, zithupsa zosatha, ndipo choopsa kwambiri, dzanzi kumalo obisika limene nthawi zina linkatha piriyodi yoyamba itadutsa. Sindinauze munthu, ngakhale mayi a kunyumba. Mwamuna wa dipuloma ya ku yunivesite, wophunzitsa Biology, kulephera kulumikiza zimene ndinkajambula pa bolodi ndi zimene zinkandichitikira m'thupi!

Nkhani yake ndi iyi. Munthu akakhala pansi, thupi limatsamira pa mafupa awiri a m'munsi mwa chiuno. Khalani pa manja anu pa benchi, muwamva akukubayani. Mafupa amenewo ndiwo analengedwa kuti azisenza katundu. Pakati pawo pamadutsa mitsempha ya magazi ndi mitsempha yotumiza mauthenga kumalo obisika, ndipo pamenepo sipafunika kupanikizidwa. Pa chishalo cholimba bwino, mafupa awiri aja amakhala pamwamba, pakati pamapuma. Pa siponji mafupa amamira, ndipo siponji yotsalayo imatukumuka n'kukakanikiza pakati pomwe paja. Mwachotsa ululu pa fupa, limene likanazolowera pakatha sabata ziwiri kapena zitatu, mwaupititsa pa mtsempha, umene suzolowera.

Mnzanga wa Physics anandidula pakamwa: "Aphunzitsi, pressure ndi force kugawa ndi area. Malo akakula, pressure ichepa." Zoona, ndipo mwana akalemba choncho pa MSCE ndimuchongera. Koma funso si kuchuluka kwa pressure kokha, funso ndi lakuti yagwera pati. Mtolo wa nkhuni amausenza pamutu ndi nkhata, sausenza pakhosi, ngakhale mutati khosi mwaliyalira bulangete.

Musayese kuti ndi maganizo a mphunzitsi wa kumudzi chabe. Ku America, bungwe la boma loona za umoyo wa anthu pantchito, la NIOSH, linafufuza apolisi amene amalondera pa njinga maola ambiri. Zotsatira zinatuluka mu 2008: apolisi atasiya zishalo za mphuno yaitali n'kukwera zopanda mphuno kwa miyezi 6, odandaula za dzanzi anachepa kwambiri. Zishalo zimenezo simungazipeze pa Kapiri kapena pa Kamwendo, ndipo sindikuti muzifune. Phunziro lake n'lakuti thupi likamatsamira kutsogolo, pa mphuno ya chishalo, mukudzipweteka.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi anyamata a kabaza, ena mwa iwo ana anga a Fomu 4 a zaka zapitazo. Taonani njinga zawo. Pa kaliyala pali khushoni yosokedwa bwino, ya mphonje, chogwirira, popondera, galasi uku ndi uku, belu awiri. Kasitomala akhala ngati mfumu. Mwini wake, amene apalase kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa kulowa, wakhala pa kapulasitiki kong'ambika, kopendekera kumwamba, kokulungidwa nsanza. Siponji imamuyenera kasitomala chifukwa iye sapalasa, amangokhala mphindi makumi awiri n'kutsika. Ife tinaona khushoni ya pa kaliyala n'kuganiza kuti nzeru yake ndi yomweyo kutsogolo.

Agogo anga aamuna anabwera ndi njinga ya Humber kuchokera ku Salisbury, kumene tsopano timati Harare. Chishalo chake chinali cha chikopa, cholimba ngati thabwa, cha masipuling'i kumbuyo. Tili ana tinkadabwa kuti amakhalapo bwanji. Koma ukachiyang'ana bwino, chinali ndi timaenje tiwiri, malo a mafupa awo. Chikopa chija chinali chokungidwa pakati pa zitsulo, kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo chinkatenga maonekedwe a mwini wake. Nzeru imeneyi ndi yakale. John Boultbee Brooks wa ku Birmingham analembetsa chishalo chake cha chikopa mu 1882, ndipo kampani ya dzina lake ikupangabe mpaka lero. Mtengo wake musandifunse, malipiro a mphunzitsi sangayandikire, makamaka chichokereni pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Koma kugwa komweko ndi kumene kwachititsa kuti ambirife njinga ikhale minibasi yathu ya tsiku ndi tsiku. Ndiye tiziisamala polumikizana ndi thupi.

Zimene ndinachita ine sizinadye ndalama zambiri. Ndinatenga katoni, ndinaiyika pa sitepe ya simenti, ndinakhalapo mphindi imodzi. Podzuka panali timaenje tiwiri. Ndinayeza ndi rula kuchokera pakati pa kena kufika pakati pa kanzake, n'kupita ndi rula yomweyo ku sitolo. Wogulitsa anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu. "Bambo, chishalo ndi chishalo," anatero, akundikankhira chonenepa chonyezimira chimene anati ndi cha mabwana. Nsapato timayesa, chipewa timayesa, koma chinthu chokhalira maola awiri pa tsiku akuti tingotola. Ndinasankha cholimba, cha masipuling'i, chimene kumbuyo kwake kunali kotambalala kuposa muyeso wanga ndi masentimita awiri kapena atatu. Njinga zathu zakuda zija munthu amakhala chowongoka, choncho kumbuyo kumafunika kotakata, koma kutsogolo kukhale kopyapyala kuti ntchafu zisamakhuzike. Amayi ambiri mafupa aja ndi otalikirana kuposa abambo, ndiye Madamu musamangolandira chishalo chimene abambo a kunyumba achitaya.

Kenaka sipanala. Theka la mavuto amene timanamizira chishalo ndi kamangidwe. Chikhale chopingasa bwinobwino, osaloza kumwamba, osagwera pansi. Ikani buku pamwamba pake muone. Kutalika kwake: khalani pa chishalo, ikani chidendene pa pedulo ili pansi penipeni, mwendo uwongoke. Mukamapalasa ndi kutsogolo kwa phazi, bondo lizipindika pang'ono chabe. Ambiri timatsitsa chishalo kuti mapazi onse azifika pansi tili chikhalire, kenaka n'kumadandaula maondo ndi msana, kumati ndi ukalamba. Pokweza, musapitirire mzere umene uli pa paipi, ingathyoke. Ndipo pa mabampu imirirani pang'ono pa mapedulo.

Aphunzitsi anzanga, taonani ana athu akamafika m'mawa. Kamtsikana ka Fomu 1 pa njinga ya bambo ake, chiuno chikugwedezeka uku ndi uku kufunafuna pedulo. Mnyamata wamtali maondo akugunda handulo. Bungwe la World Bicycle Relief, limene linayamba mu 2005, linapanga njinga ya Buffalo yolimba, ya kaliyala yonyamula makilogalamu 100, ndipo lagawira ana asukulu ambiri ku Zambia ndi kuno ku Malawi. Koma palibe bungwe limene lidzabwere kudzamangira mwana aliyense chishalo pa msinkhu wake. Mwana wamkazi sangabwere kwa ine kudzanena kumene kukumupweteka. Angoyamba kujomba, ife n'kulemba mu rejisitala kuti ndi waulesi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, inde, koma pa nkhani iyi manyazi amamumanga miyendo.

Dzanzi likamapitirira ngakhale mwakonza zonsezi, pitani kuchipatala, musadikire.

Mphunzitsi wachinyamata uja ndinamukokera pambali Lachitatu. Tinadula mphira, tinachotsa siponji yonunkha thukuta, tinapeza kuti mano a chomangira chishalo anatha kale, mphuno inali italoza kumwamba ngati mfuti. Tinasintha chomangiracho kwa okonza njinga pansi pa mtengo paja. Lachisanu likubwerali tikaweruka ndidzakhala kuseri kwa labu ndi sipanala, rula ndi makatoni. Mnzanga wa Physics wati abwera kudzangoonerera, siponji yake sachotsa.