Mjeremani wabwino wa Pressburger

Ise olemba masewero a pa wailesi tili na cizolowezi coipa: mdani timamupanga cilombo cabe. Emeric Pressburger anakana zimenezo.

Myuda wa ku Hungary uyu anathawa a Nazi ku Berlin, nafika ku London mu 1935 asanadziwe bwino Cingelezi. Mu 1943, nkhondo ili mkati, iye na Michael Powell anatulutsa The Life and Death of Colonel Blimp. Munthu woganiza bwino mu filimuyi ni Theo, msilikali Mjeremani. Churchill anakalipa, anafuna kuiletsa.

Ise tili kumbali ya Pressburger. Wothamangitsidwa anali iye, osati Churchill, ndipo anadzionera yekha kuti si Mjeremani aliyense anali Nazi. Tikamba izi tikudziwa kuti pambuyo pake amai ake anaphedwa ku Auschwitz.