ZA PAKHOMO: Granola, kamba wa kwa Azungu wopangidwa ndi za m'munda mwathu

Mwezi uno tikambirane za chakudya chimene ana athu ophunzira ku Tete, ku Beira ndi ku Lilongwe amachitchula kawirikawiri akabwera kutchuthi, chotchedwa granola. Amayi ena akamva dzinali amayesa kuti ndi chakudya cha anthu a ndalama okha, popeza m'masitolo a m'tauni chimagulitsidwa m'timapepala tokongola pa mtengo woboola thumba. Komatu mukatsegula pepalalo mupezamo zinthu zimene tonse tikuzidziwa: mbewu zokazinga, mtedza, nthanga, uchi ndi zipatso zofutsa. Makolo athu ankakazinga chimanga ndi nsawa pa phale, n'kumanga m'kansalu kuti wapaulendo atafune panjira. Ameneyo ankamutcha kamba, ndipo granola ndi mbale wake.

Mbiri yake ndi yaifupi. M'chaka cha 1863 sing'anga wina wa ku America, James Caleb Jackson, anayamba kupatsa odwala ake ku Dansville tizidutswa touma ta ufa wa tirigu wosapuntha, nakutcha granula. Chinali cholimba kwambiri moti ankayamba achiviika m'mkaka usiku wonse. Patapita zaka, John Harvey Kellogg wa ku Battle Creek anapanga chofanana nacho, ndipo pofuna kuthetsa mkangano wa dzina anasintha chilembo chimodzi, chikhala granola. Kellogg ameneyu pa nthawiyo anali wa mpingo wa Seventh-day Adventist, womwe uja uli ndi chipatala cha Malamulo ku Thyolo. Granola wa oats ndi uchi amene akugulitsidwa lero anatchuka m'zaka za m'ma 1960.

Mbewu ya oats sitilima kuno ku Angónia. Amene angathe agule paketi ya Jungle Oats akatsikira ku Dedza kapena ku Ulongwe. Amene sangathe asadandaule: mbuliuli zoswa pang'ono mumtondo zimalowa m'malo mwake bwinobwino, ndipo mapira okazinga mpaka kuphulika amaposa pamenepo chifukwa ndi ang'onoang'ono. Chimanga cha makolo chokazinga sindichivomereza pa ntchito imeneyi. Chimakoma, inde, koma chikakutidwa ndi uchi n'kuzizira chimasanduka miyala, ndipo agogo a pakhomo adzangoyang'ana ena akudya.

Tisanayatse moto, tiyambe ndi nkhani ya mtedza, pakuti apa ndi pamene pagona moyo wa amene tikuwaphikira. Pali chizolowezi chimene chazika mizu m'midzi yambiri mbali zonse ziwiri za malire: mtedza wabwino, wonenepa, timausankha kupita nawo kumsika, ndipo wonyala, wosweka, wobooledwa ndi tizilombo ndi wosintha mtundu timausiya pakhomo kuti tisinje nsinjiro. Ndiye kuti mlendo wosamudziwa adya zabwino, ana athu adya zotsala. Mtedza woterewu ndi umene umakhala ndi chuku, ndipo chuku chimenechi chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoniyu saoneka ndi maso, nthawi zambiri samveka pakamwa, ndipo chachikulu choti tigwiritse ndi ichi: kukazinga kapena kuphika sikumuthetsa. Amawononga chiwindi pang'onopang'ono, makamaka mwa munthu amene ali kale ndi matenda a chiwindi otchedwa hepatitis B, ndipo akatswiri amamuganiziranso pa vuto la kupinimbira kwa ana.

Izi si nkhambakamwa. Dziko linamudziwa poizoniyu pambuyo pa chaka cha 1960, pamene nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chopangidwa ndi mtedza wochokera ku Brazil. M'dziko lathu lino, kafukufuku wa m'zaka za m'ma 1970 ku Inhambane anaonetsa kuti khansa ya chiwindi inali yochuluka kumene anthu ankadya zakudya zokhala ndi poizoniyu wambiri. M'chaka cha 2004, kum'mawa kwa dziko la Kenya, anthu 125 anamwalira atadya chimanga chimene chinasungidwa chisanaume. Nkhani imeneyi, tsono, ikukhudzanso nkhokwe ya chimanga.

Chuku chimakonda chinyezi. Mtedza ukazulidwa uumitsidwe msanga, makoko ake osagona pa dothi lonyowa, ndipo usungidwe m'makoko momwemo kufikira tsiku loufuna. Ambiri amawaza madzi pa mtedza madzulo kuti m'mawa usavute kuswa. Zala zimapumuladi, koma madziwo amalowa m'kati n'kudzutsa chuku. Kuli bwino kupweteka zala. Mukaswa, thirani pa lichero pamalo owala, sankhani njere imodziimodzi. Yonyala, yakuda, yobiriwira kapena yobooka itayidwe kutali. Musapatse nkhuku kapena ng'ombe ya mkaka, chifukwa poizoniyo amatha kubwerera kwa ife kudzera mu mkaka. Ntchitoyi ndi yotopetsa, ndipo lichero limachepa mukuona, koma chotsalacho ndicho choyenera kupatsa munthu amene mumamukonda.

Tsopano muyeso. Pa makapu anayi a oats kapena mbuliuli, konzani makapu awiri a mtedza, kapu imodzi ya nthanga za maungu zosenda, theka la kapu ya chitowe, theka la kapu ya uchi, masupuni aakulu anayi a mafuta ophikira ndi kamchere pang'ono. Mtedza wa Chalimbana, wa njere zazikulu uja, ndi wokoma kwambiri pokazinga, ngakhale CG7 wofiira nayenso amachita bwino. Wofuna kuikamo soya aike theka la kapu, koma ayambe wamuviika usiku, kenako amukazinge payekha mpaka apse ndithu n'kusiya fungo lauwisi. Soya wosapsa amavuta m'mimba ndipo thupi silipindula naye. Ndi chifukwa chake opanga Likuni Phala amayamba amupsereza asanamusakanize ndi chimanga.

Kazingani mtedza pa chiwaya pa moto wochepa, uzizire, mufikise m'manja, mupete, ndipo muuswe pang'ono mumtondo osafika pa chiponde. Nthanga zikazingidwe pazokha. Chitowe chimapsa m'kanthawi kochepa kwambiri, choncho musachoke pamoto. Tenthetsani uchi ndi mafuta m'kapoto kuti zisungunuke chabe, zisawire, thirani pa zouma zonse m'beseni, ndipo takasani ndi mthiko mpaka njere iliyonse inyezimire.

Amene ali ndi uvuni ayale zosakanizazi pa thireyi, awotche pa madigiri 150 kwa mphindi 25 kapena 30, akutembenuza kamodzi pakati. Ambirife tilibe uvuni, koma timadziwa kuphika chigumu. Njira ndi yomweyo: poto wamkulu wokhuthala pansi, makala ochepa okutidwa ndi phulusa pa mbaula, ena pa chivundikiro. Yalani mopyapyala, ndipo ngati zachuluka wotchani kawiri. Vundukulani pa mphindi zisanu zilizonse n'kutembenuza. Uchi suchedwa kupserera, ndipo ukapserera umawawa, palibenso chokonza. Phulani mtundu ukafika pa wa chitumbuwa chopsa bwino, ngakhale zikuoneka zofewa, pakuti zimalimba pozizira. Mbuliuli zimafuna nthawi yochepa kuposa oats popeza n'zopsa kale. Khutulirani pa thireyi, tsinderani pang'ono ndi supuni, ndipo zisiyeni osazigwira kufikira zitazizira kuti zigwirane timibulu. Apa ndi pamene ana amafunika kuwatuma kutali.

Zipatso zofutsa ziikidwe pomaliza, zonse zitazizira. Nthochi ndi mango zoduladula n'kuyanika pa thandala zimakwanira. Mapichesi a kumapiri kuno, amene ambiri amangowolera pansi pa mitengo mvula ikayamba, amauma bwino akadulidwa mopyapyala n'kuyanikidwa pa masiku a dzuwa. Masau ouma ochokera kuchigwa cha Tete amapatsa kachidulo kokoma, koma chotsanimo nthanga zake zonse, kuopa kuthyola dzino la mlendo.

Chenjezo lina ndi la ana aang'ono. Mwana wosakwana chaka asapatsidwe uchi, wophika kapena wosaphika, chifukwa ungathe kukhala ndi tizilombo timene matumbo a khanda sangathe kulimbana nato. Mwana wosakwana zaka zisanu asapatsidwe mtedza wathunthu kapena mbuliuli, angatsamwe. Kwa amene apitirira chaka, sinjani granola akhale ufa n'kuwazira pa phala lawo. Odwala matenda a shuga alawe pang'ono chabe.

Granola amadyedwa ndi mkaka m'mawa, kapena kungotafuna ndi tiyi pa mbandakucha wozizira wa June ndi July. Koma ubwino wake waukulu kwa ife a m'malire ndi wakuti amayenda. Kuyambira nthawi ya nkhondo, imene inatha m'chaka cha 1992, mabanja ambiri a ku Angónia ali ndi abale ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo maulendo a ukwati, a maliro ndi ozonda odwala satha. Nsima imasasa, zitumbuwa sizigona masiku atatu, koma botolo la granola limafika lili bwinobwino. Mwana wopita kusukulu yogonera komweko, mayi wodikirira wodwala kuchipatala, bambo wopita kukagulitsa mbatata ya kachewere ku Tete, onsewa amafuna chakudya chosafuna moto.

Sungani m'botolo lotsuka, louma bwino, la chitsekero cholimba, pamalo osafika dzuwa. M'nyengo yachilimwe limakhala masabata awiri kapena atatu. M'nyengo yadzinja pangani wochepa woti athe m'sabata imodzi. Akafewa, muumitsenso pa chiwaya kwa mphindi zochepa. Akayamba kununkha mafuta akale kapena kuonetsa chuku, mutaye. Ndipo popereka botolo kwa mnzanu, muuzeni tsiku limene munapanga ndiponso kuti muli mtedza, pakuti pali anthu ena, makamaka ana, amene thupi lawo limadana ndi mtedza mpaka kutupa ndi kubanika.