Uthenga si ndalama

Amayi ogulitsa kachewere ndi kabichi pa Lizulu ndi pa Tsangano, inu amene masiku ano mumalandira ndalama pa Airtel Money ndi Mpamba, ndikupempheni chinthu chimodzi: musamakhulupirire uthenga wokha. Wakuba amatha kulemba uthenga wooneka ngati wa kampani, kenaka n'kuimba akulira kuti watumiza ndalama molakwika, mumubwezere. Wina amakuonetsani foni yake galimoto ikulira pa msewu wa M1, akuti fulumirani, ndalipira kale. Thumba lisakwere musanaimbe *211# kapena *444# pa foni yanu n'kuona kuti ndalama zalowadi. Akakwiya, akwiye; munapalira nokha mbatata imeneyo. PIN isakhale chaka chimene munabadwa, chifukwa chili pa chitupa chanu cha unzika, ndipo musaiuze munthu, ngakhale woimba atanena kuti ndi wa ku ofesi ya kampani. Chondipweteka kwambiri n'chakuti ambiri amapatsira ejenti foni kuti awalembere PIN pagulu. Netiweki ikazima pa foni yanu yokha anzanu akuimba bwinobwino, thamangirani ku ofesi tsiku lomwelo, mwina wina wasinthitsa simu yanu.