Maliro Osalembedwa Sachenjeza Amoyo

Alipo ena pakati pathu, ophunzira ndithu, amene amati kulemba obadwa ndi omwalira m'kaundula ndi ntchito ya makalaliki osowa chochita, popeza inki siukitsa wakufa. Anthu otere asokera, ndipo mboni yanga ndiitenga ku London.

Pamene kolera inabuka m'dera la Soho kumapeto kwa Ogasiti 1854, nikantha anthu oposa 500 m'masiku khumi, asing'anga ambiri anaimba mlandu mpweya wonunkha. Koma sing'anga John Snow, m'malo molimbana nawo pakamwa, anapita ku ofesi ya kaundula, kumene William Farr ankasonkhanitsa sabata ndi sabata chiwerengero cha omwalira ndi nthenda zimene zinawatenga, natenga mndandanda wa nyumba za maliro, nayenda khomo ndi khomo kufunsa anamfedwa kumene ankatunga madzi. Mayankho analoza mjigo umodzi wa mu Broad Street. Nyumba yosungiramo amphawi ya pafupi pomwepo, imene inali ndi chitsime chakechake, inataya anthu 5 okha mwa 535. Koma mayi wamasiye wa ku Hampstead, kutali ndithu, amene ankatuma ngolo kukamtengera madzi a mjigowo poti ankamkomera, anatsikira kulichete. Pa 8 Sepitembala akulu a parishi anagulula chopukusira cha mjigowo. Inde, mliri unali utayamba kale kuzilala, pakuti ambiri anali atathawa. Koma gwero lake linadziwika, ndipo linadziwika chifukwa akufawo analembedwa.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ife kuno ku Malawi lamulo la kalembera tili nalo kuyambira 2010, koma munthu akafera pakhomo ku Ndirande kapena ku Mtandire, mfumu imva uthenga, adzukulu akumba manda, mpingo uimba usiku wonse, ndipo wowerenga mbiri ya malemu angoti anadwala kanthawi kochepa. Anadwala chiyani? Ankamwa madzi a kuti? Khanda lopitirira liikidwa ndi amayi mwakachetechete, losalowa m'buku la obadwa ngakhale la akufa. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 amene anawerengedwa, ndipo mtima wanga uli pa iwo amene sanafike kuchipatala.

Chifukwa chake ndidandaulira makhonsolo a mizinda yathu kuti mwezi ndi mwezi azisindikiza, dera ndi dera, ana obadwa, anthu omwalira, zaka zawo ndi nthenda zawo, nazipachika pamsika ndi pachipatala, kuti khansala amene dera lake likuika ana ambiri kuposa ena afunsidwe pamaso pa anthu ake za zimbudzi ndi mipopi.